Kutseka chipata sikupatsa fakitale nzeru

Boma litaletsa mu Marichi 2025 kulowetsa m'dziko muno katundu monga ufa, mpunga, chiponde, uchi, masoseji, madzi a m'mabotolo, machesi ngakhalenso timitengo totokosera m'mano, anthu ambiri anaomba m'manja n'kumati tsopano mafakitale athu apumako. Ena anadandaula kuti mitengo ikwera ndipo m'masitolo muuma. Dziko la Tanzania litabweza mu Epulo poletsa zokolola zathu kudutsa pa Songwe, mkangano unafika pachimake, ndipo mpaka lero pa wailesi, m'maminibasi ndi m'magulu a WhatsApp funso silinasinthe: titseke chipata kapena titsegule? Ine ndikuti tikutayira malovu pa funso laling'ono. Chimene chikulepheretsa mafakitale athu kupikisana ndi a ku South Africa, Kenya kapena Zambia kwenikweni ndi kusowa kwa makampani ndi mabungwe ogulitsa ukatswiri, omwe fakitale iliyonse imatsamira kuti katundu wake akhale wabwino, wotsika mtengo komanso wololedwa pa misika yakunja. Ngati boma lili ndi kandalama kochepa koti lithandizire mafakitale, gawo lalikulu la kandalamako lipite kumeneko.

Anthu amene ndikunenawa sapanga okha sopo kapena mafuta ophikira, koma popanda iwo sopoyo safika pamsika. Ndikunena labotale yoyeza chakudya, injiniya wokonza makina, katswiri wotsimikiza kuti sikelo ikunena zoona, wojambula mapaketi, wolemba mapulogalamu a pakompyuta owerengera katundu wotsala m'nkhokwe, akauntanti wodziwa kuwerengera mtengo weniweni wa botolo limodzi kuyambira pa mbewu mpaka pa chitsekerero, loya wodziwa malamulo a malonda a SADC ndi COMESA, ndi kampani yoyendetsa makontena yodziwa mapepala ofunika pa doko la Beira kapena la Nacala. Mwini chigayo aliyense pamsika wakumudzi amaimvetsa nkhaniyi kuposa akuluakulu ena a ku Capital Hill. Nyundo zikatha, sefa ikang'ambika kapena mota ikapsa, chigayo chimaima kufikira wowotcherera kapena wokulunga mawaya a mota atabwera. Ngati mmisiriyo ali pafupi, madzulo omwewo amayi ayambiranso kugayitsa. Ngati ali ku Lilongwe, mlungu utha chigayo chili zii, ndipo makasitomala azolowera njira ya chigayo china. Fakitale yaikulu imasiyana ndi chigayocho pa chinthu chimodzi: amisiri omwe imadalira ndi ambiri, ndipo luso lawo ndi lozama.

Nkhani ya mtedza ndiyo imaonetsa bwino zimenezi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mtedza wathu wa Chalimbana unkapita ku Ulaya wochuluka ndithu. Kenaka msikawo unatiphonya, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali poizoni wa chuku, amene amaononga chiwindi. Mayiko a European Union salola mtedza wokadyedwa ndi anthu kukhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 mwa magawo biliyoni imodzi. Mlingo umenewu sungauone ndi maso kapena kuumva ndi lilime. Mtedza ukhoza kuoneka woyera bwino, wonona, koma uli ndi poizoni, makamaka ngati mlimi anauwaza madzi kuti makoko afewe posenda, n'kuulonga m'matumba usanaumitsitse. Alimi a ku Mchinji a m'bungwe la NASFAM atayambiranso kugulitsa mtedza ku Britain m'zaka za m'ma 2000, nthaka inali yomweyo, makasu anali omwewo. Chinasintha n'chakuti akatswiri a bungwe la kafukufuku wa mbewu la ICRISAT ku Chitedze anabweretsa njira yotsika mtengo yoyezera chuku, ndipo alimi anaphunzitsidwa kuumitsa, kusankha ndi kusunga mtedza moti thumba lililonse linkadziwika komwe lachokera. Tsono taganizani za munthu amene watsegula kafakitale ka chiponde ku Kawale kapena ku Ndirande. Chiletso cha 2025 chamuchotsera mpikisano wa chiponde cha ku South Africa pa shelefu ya ku Lilongwe, inde, koma sichinamupatse pepala la labotale lomwe wogula wa ku Lusaka kapena ku Nairobi angalikhulupirire. Popanda pepalalo, malire a bizinesi yake ndi Mchinji, Mwanza ndi Songwe.

Otsutsa oyamba, omwe ndi eni mafakitale ambiri, amati ndikuthawa mavuto enieni. Iwo amati vuto ndi magetsi ndi ndalama zakunja, zinazo n'zokongoletsa chabe. Madandaulo awo ndi omveka. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mafakitale anakhala miyezi yambiri akuyenda ndi majenereta a dizilo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mpaka pano munthu wofuna madola kuti agulire zipangizo amadikira ku banki mpaka kutopa. Palibe katswiri amene angayendetse makina popanda moto. Komabe, mukaiunika bwino, mfundo yawoyi ikulimbikitsa yanga. Choyamba, ukatswiri umene tilibe kuno timaugula kunja ndi madola omwewo amene akusowawo. Makina odzazira mabotolo akazima chifukwa kabokosi kowayendetsa kasokonezeka, mwini fakitale amaitana mmisiri kuchokera ku Johannesburg kapena ku India, amulipirire ndege, hotela ndi malipiro a tsiku lililonse m'ndalama zakunja, ndipo podikira kuti banki ivomereze, antchito amangokhala pamthunzi akulandira malipiro popanda chotuluka. Chachiwiri, kuthimathima kwa magetsi ndi kumene kumaotcha mamota ndi timabokosi timeneti, motero dziko la magetsi osadalirika ndi limene likufunitsitsa mainjiniya odziwa kuteteza makina, kuyeza pomwe moto ukutayika ndi kuuza mwini fakitale kuti jenereta yake ndi yaikulu mopyola ntchito yake ndipo ikungomwa dizilo pachabe. Magetsi tiwakonze ndithu, koma sitingaimike zina zonse podikira tsiku limene Shire adzatikwanire.

Otsutsa achiwiri ndi amene amakhulupirira chitetezo. Amati palibe dziko lomwe linatukula mafakitale ake chitseko chili chotsegula, ndipo amatchula South Korea ndi Taiwan. Mbiri ili kumbali yawo pa mfundo imeneyi, ndipo ine sindikunena kuti chiletso chilichonse n'choipa. Koma amaiwala theka lina la nkhaniyo. Boma la Park Chung-hee linkateteza makampani a ku Korea, koma linkawaumirizanso kugulitsa kunja, ndipo kampani yolephera inkataya ngongole zotsika mtengo. Mu 1966 dzikolo linakhazikitsa KIST, bungwe la kafukufuku lomwe ntchito yake inali kuthetsa mavuto a mafakitale, ndipo linakopa akatswiri a ku Korea omwe anali kunja kuti abwerere kwawo. Chitetezo chinali mpanda woti mwana akulire m'kati, ndipo m'katimo munali aphunzitsi. Ife tamanga mpanda wokha. Zotsatira zake si zovuta kuzilosera: katundu wa kuno amakwera mtengo chifukwa palibe wopikisana naye, ubwino wake susintha chifukwa palibe womuthandiza kusintha, ndipo katundu wakunja amalowabe usiku pa njinga kudzera njira zachidule za ku Dedza ndi ku Mchinji. Kuonjezera apo, msika wathu ndi waung'ono. Tilipo anthu opitirira 20 miliyoni, koma ambiri mwa ife sitigula uchi wa m'botolo kapena soseji mwezi ndi mwezi. Fakitale yofuna kukula iyenera kudutsa malire, ndipo popeza Malawi analowa m'pangano la msika umodzi wa Africa, la AfCFTA, sitingamayembekeze kuti anzathu atitsegulire pomwe ife tatseka. Ndondomeko ya Buy Malawi inayamba mu 2016, ndipo yatiphunzitsa kuti kukonda dziko kumamugulitsa munthu botolo loyamba lokha. Botolo lachiwiri amagula ngati chitsekerero sichinadonthe.

Mfundo yachitatu ndi ya anthu okonza mapulani, ndipo imamveka yanzeru kwambiri. Amati timange kaye mafakitale, monga masomphenya a Malawi 2063 akunenera, titsegule madera apadera a mafakitale ngati la Magwero ku Lilongwe, kenaka ogulitsa ukatswiri adzabwera okha chifukwa adzakhala ndi makasitomala. Muli choonadi m'menemo: labotale singakhale ndi moyo popanda wobweretsa zoti ziyezedwe. Koma dongosolo lakuti mafakitale atsogole, nzeru itsatire, si limene linachitika m'mayiko omwe timawasirira. Taiwan inakhazikitsa bungwe la kafukufuku wa mafakitale la ITRI mu 1973, dzikolo lidakali lodziwika ndi nsalu, zidole ndi maambulera. Mu 1976 bungweli linatumiza mainjiniya achinyamata ku kampani ya RCA ku America kuti akaphunzire kupanga timaubongo ta zipangizo zamagetsi, ndipo atabwerera anamanga kafakitale koyeserera. M'bungwe limeneli ndi mmene munatuluka kampani ya UMC mu 1980 ndi ya TSMC mu 1987, yomwe lero imapanga timaubongo ta mafoni ambiri apamwamba padziko lonse. Kumeneko nzeru ndiyo inabereka fakitale.

Wina anena kuti Taiwan ndi kutali, tisadziyerekeze. Chabwino, tiyeni tipite ku Mulanje. Chifukwa chiyani tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo akugulitsidwabe kunja patatha zaka zoposa 100, pomwe mafakitale ambiri omwe tinali nawo ku Makata ndi ku Chirimba anatsekedwa? Nyengo ndi nthaka zathandiza, koma chinanso n'chakuti eni minda ya tiyi anadzipangira okha gwero la ukatswiri. Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa lakhala likubereka mitundu ya tiyi yogwirizana ndi nyengo yathu ndi kufufuza za kakonzedwe ka masamba m'fakitale, ndipo alimi a tiyi amalithandiza ndi ndalama zawo. Ku Limbe kuli akatswiri olawa tiyi ndi oyendetsa okushoni, omwe amauza fakitale kuti tiyi wa mlungu uno wapsa kwambiri kapena sanafote mokwanira. Fodya nayenso ali ndi bungwe la kafukufuku ndi ulangizi la ARET ndi akatswiri osankha magiredi ku Kanengo. Si mwangozi kuti mbewu zomwe zili ndi akatswiri ozizungulira ndi zomwezo zomwe zimatibweretsera ndalama zakunja. Chomvetsa chisoni n'chakuti ukatswiri umenewu unamangidwira makampani akuluakulu a mbewu zochepa, ndipo wopanga mafuta a mpendadzuwa, jamu wa mango, nsapato kapena mipando sanapatsidwe chofanana nacho. Tinali ndi bungwe la MIRTDC lofufuza za luso la mafakitale, lomwe pambuyo pake linalowetsedwa mu yunivesite ya MUST ku Thyolo, koma funsani eni mafakitale ang'onoang'ono khumi kuti makina awo akavuta amaimbira ndani, muone ngati angatchule yunivesite iliyonse.

Tsopano ndifike pa mfundo yomwe ndimaiopa kwambiri, chifukwa ndi yomwe Amalawi ambiri angainene mokwiya. Amati mawu akuti katswiri tawamva mokwanira. Akatswiri omwe timawadziwa ndi aja amabwera ndi galimoto zikuluzikulu, n'kuitanitsa msonkhano kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi, anthu n'kusainira maalawansi, kenaka n'kulemba lipoti lonenepa lomwe limakaola mu kabati. Kodi ndikufuna kuti ndalama za misonkho zipitenso kwa anthu amenewa? Ayi, ndipo mkwiyowu ndi woyenera. Koma tione chimene chimasiyanitsa katswiri wa lipoti ndi katswiri wa fakitale. Woyambayo amalipidwa ndi wopereka thandizo amene sadzagwiritsa ntchito malangizowo, motero palibe womufunsa ngati zinathandiza. Wachiwiriyo amalipidwa ndi mwini makina, ndipo ntchito yake imaoneka tsiku lomwelo: makina ayenda kapena sanayende, kontena yadutsa pa doko kapena yabwezedwa. Germany, dziko lomwe mphamvu zake zili m'mafakitale apakatikati a mabanja, linapeza njira yosungira akatswiri ake kumbali yachiwiriyi. Bungwe la kafukufuku wothandiza mafakitale la Fraunhofer, lomwe linayamba mu 1949, limalandira kuchokera ku boma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake za kafukufuku, ndipo zotsalazo liyenera kuzipeza lokha pogwira ntchito za makampani ndi zina zopikisanirana. Katswiri wa kumeneko amene makampani samufuna sakhalitsa. Ife tingachite chofanana nacho pa mlingo wathu. M'malo mopereka ndalama kwa katswiri, boma lipereke kuponi kwa mwini fakitale yaing'ono, monga momwe linkaperekera makuponi a feteleza, kuti iye asankhe yekha labotale kapena injiniya, aonjezerepo gawo lake la m'thumba, ndipo ndalama ya boma ituluke pokhapokha ntchito itaoneka. Ndikudziwa kuti mawu akuti kuponi akumbutsa ena za katangale, ndipo akunena zoona, koma n'kosavuta kutsimikiza kuti fakitale yalandira satifiketi kusiyana ndi kutsimikiza kuti thumba la feteleza lafika m'munda.

Palinso ena amene amati fakitale yodziwa ntchito yake imalemba akatswiri akeake, sidalira akunja kwa mpanda. Kwa Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kapena kwa makampani a fodya, zimenezo n'zotheka. Koma kafakitale ka antchito 15 sikangalipire katswiri wa chakudya mwezi ndi mwezi pomwe kamamufuna masiku awiri okha pa mwezi, ndipo sikangagule makina oyezera a madola zikwizikwi kuti aziwagwiritsa ntchito kamodzi pa mlungu. Katswiri mmodzi wotumikira mafakitale 30 ndiye yankho, ndipo ali ndi phindu lina lomwe silimatchulidwa kawirikawiri: zomwe waphunzira pokonza vuto ku Kanengo amapita nazo ku Luwinga. Luso limayenda ndi munthuyo. N'chifukwa chakenso sindigwirizana ndi amene amati kuphunzitsa mainjiniya n'kuphunzitsira South Africa ndi Britain. Ambiri amachoka chifukwa kuno ntchito yomwe anaphunzira ilibe wogula, ndipo otsala amathera ku banki kapena ku mabungwe a thandizo kukalemba malipoti aja.

Pa nkhani ya kuyeza katundu tiyenera kunena zinthu mosapsatira. Malawi Bureau of Standards yakhalapo kuyambira 1972, ndipo nyumba yake yatsopano ya malabotale ku Blantyre ndi chinthu chonyaditsa. Koma bungwe limodzi silingakwanitse kukhala wolemba malamulo, wapolisi wa m'masitolo komanso woyezera wa fakitale iliyonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Wopanga uchi ku Nkhata Bay kapena mpunga wa Kilombero ku Karonga sayenera kudikira zotsatira zochokera kutali chotero pomwe wogula akuwerenga masiku. Chofunikanso kwambiri n'chakuti pepala la labotale lili ndi mphamvu pokhapokha wogula wakunja akalikhulupirira, ndipo iye amakhulupirira labotale yomwe inayesedwa n'kuvomerezedwa ndi bungwe ngati SADCAS la ku Gaborone. Kuvomerezedwa kumeneku n'kodula ndipo kumafuna kukonzanso nthawi ndi nthawi. Apa ndi pomwe ndalama ya boma ingagwire ntchito yaikulu: kuthandiza malabotale a ku LUANAR, MUBAS, MUST ndi Mzuzu University, komanso a anthu wamba, kuti avomerezedwe pa mayeso ochepa omwe katundu wathu amafuna kwambiri, monga a chuku, a tizilombo ta m'chakudya ndi a mankhwala otsalira pa mbewu. Mayunivesitewo aloledwe kusunga ndalama zomwe apeza pa ntchitoyi, ndipo mphunzitsi amene wathandiza fakitale kuchepetsa zotayika akwezedwe paudindo mofanana ndi amene wasindikiza pepala m'magazini ya ku Ulaya.

Pomaliza pali msonkho ndi maphunziro, zinthu ziwiri zomwe sizifuna ngongole yatsopano. Ngati tili okonzeka kuchepetsa msonkho pa makina ndi zipangizo za fakitale, tichepetsenso pa zida za labotale, mankhwala oyezera ndi zida za makampani okonza makina, chifukwa zimenezi ndi mbali ya fakitale yomweyo ngakhale zili kunja kwa mpanda wake. Banki zikamagawa madola ochepa omwe alipo, kampani ya mainjiniya yofuna chipangizo choti idzutsire makina a mafakitale asanu isamaikidwe kumapeto kwa mzere ngati wogula zinthu zosangalalira. Olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku TEVETA, ndipo ndi ufulu wawo kufunsa kuti mwa ndalama zimenezo n'zingati zikuphunzitsa amisiri a makina oyendetsedwa ndi kompyuta, a mafiriji akuluakulu, a maboila ndi a masikelo, omwe ndi amene mafakitale amawaitanitsa kunja. Ndipo ku Magwero, pamene akugawa malo, pulani isonyeze poyera pomwe padzakhale labotale yovomerezeka ndi shedi yosulira zitsulo za makina, komanso dzina la bungwe lomwe lidzaziyendetse ndi komwe ndalama zoyendetsera zidzachokere chaka ndi chaka.